Kodi barre ingakhazike mtima pansi pamene mayi akuyandikira kusiya kusamba?

Funso: "Ndili ndi zaka 46, ndimakhala ku Leeds ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku. Chaka chino msambo wanga wasokonekera: mwezi wina umabwera kawiri, kenako miyezi iwiri zii. Koma chimene chikundiopsa ndi mtima. Dzana ndinakalipira mwana wanga chifukwa cha supuni imene anasiya mu sinki, kenako ndinakadzitsekera kubafa n'kumalira. Bambo a kunyumba akuti ndasintha. Mnzanga wa kuntchito akuti ndi perimenopause, ndipo akundikoka kuti tizipita ku barre Lachiwiri lililonse, akuti iyeyo zinamuthandiza. Masewera ogwira chitsulo ngati a ana ovina angachize zoterezi? Kapena mutu wanga ukuzungulira?"

Amayi, mutu wanu uli bwinobwino. Ndayamba ndi pamenepo chifukwa ndikudziwa kuti n'zimene zikukusowetsani mtendere kuposa chitsulocho. Ndagwira ntchito ya fiziyo, yochiritsa thupi ndi mafizo, ndi amayi kwa zaka zoposa 20, kwathu komanso kuno ku England, ndipo nkhani ya supuniyi ndaimva kambirimbiri. Wina amanena za nsapato zosiyidwa pakhomo, wina za chivundikiro cha poto. Mayi amabwera kwa ine chifukwa cha phewa louma kapena msana, ndiye ndili mkati momuwongola mkono amangoyamba yekha: "Komatu ine masiku ano sindikudzimvetsa." Ukafunsa zaka, 44, 47, 49.

Ife tinalangizidwa za poyambira pokha. Titatha msinkhu anamkungwi ndi azakhali anatikhazika pansi n'kutiuza za nsalu, za mchere, za amuna. Za pothera palibe amene anatiitana. Tinkangoona agogo atasiya kusamba, akulemekezeka, akuthira mchere m'ndiwo tsiku lililonse popanda wowaletsa, koma zaka zimene anadutsamo asanafike pamenepo sankazikamba.

Zimene zikuchitika ndi izi. Mayi timati wasiya kusamba akatha miyezi 12 yathunthu osaona msambo, ndipo ambiri amafika pamenepo ali pakati pa zaka 45 ndi 55. Zaka za m'mbuyo mwake, zimene kawirikawiri zimakhala zinayi koma kwa ena zimafika zisanu ndi zitatu kapena kuposa, ndi zimene mnzanuyo akuzitchula kuti perimenopause. Anthu amaganiza kuti mahomoni, mankhwala amene thupi limapanga lokha oyendetsa msambo monga estrogen ndi progesterone, amangotsika pang'onopang'ono ngati madzi a m'chitsime nthawi ya chilimwe. Ayi. Estrogen amakwera kwambiri sabata ino, sabata yamawa wagwa, ndipo ubongo umene unazolowera kuyenda mwadongosolo kwa zaka 30 umasowa pogwira. Estrogen amakhudza serotonin, mankhwala a mu ubongo amene amathandiza kuti mtima ukhale m'malo. Progesterone, amene amapangidwa dzira likatuluka, amasanduka m'thupi kukhala mankhwala oziziritsa ubongo ndi kubweretsa tulo. Miyezi imene dzira silinatuluke, choziziritsacho chimachepa. Onjezerani thukuta la usiku, ntchito ya usiku, ana achinyamata m'nyumba ndi foni za kumudzi zopempha ndalama, supuni singalephere kusanduka mlandu.

Ku America kuli kafukufuku wamkulu wotchedwa SWAN, amene wakhala akutsatira amayi oposa 3,000 kuyambira 1996. Anapeza kuti m'zaka zimenezi mayi amatha kudwala matenda okhumudwa kawiri mpaka kanayi kuposa mmene zinalili asanalowe m'nyengoyi. Anapezanso kuti kutentha thupi ndi thukuta zimatenga zaka pafupifupi 7 mukatengera amayi onse pamodzi, koma kwa amayi akuda a kumeneko zinkafika zaka 10. Ndikunena izi kuti musadzione ngati wofooka, komanso kuti musangoti ndipirira mpaka Khirisimasi zitha zokha.

Tsopano za barre. Mwina zikusekeni: mayi amene anayambitsa masewerawa anali ndi zaka zanu zomwezi. Lotte Berk anabadwira ku Cologne m'dziko la Germany mu 1913, anali katswiri wovina, ndipo pokhala Myuda anathawira ku London mu 1938. Atavulala msana anasakaniza zimene ankachita povina ndi mafizo ochiritsa msanawo, ndipo mu 1959, ali ndi zaka 46, anatsegula chipinda chophunzitsira amayi wamba pa Manchester Street mumzinda wa London. Wophunzira wake, Lydia Bach, anakatsegula china ku New York mu 1971, ndipo makalasi amene afalikira lero ndi zidzukulu za pamenepo. Choncho si za ana. Zinapangidwira matupi aakuluakulu, opweteka kale.

Mukalowa m'kalasi mupeza chitsulo kapena mtengo wopingasa m'mbali mwa khoma, wofika cha m'chiuno, ndi galasi lalikulu. Kalasi imatenga mphindi 45 mpaka ola. Simudumpha, simuthamanga. Mumagwira chitsulo ndi dzanja limodzi, n'kunyonyomala pang'ono, nthawi zina zidendene zili m'mwamba, kenako n'kumatsika ndi kukwera kamtunda kochepa ngati kutalika kwa chala chachikulu, mobwerezabwereza motsatira nyimbo. Pena mumangoima pomwepo osasuntha. Woonerera amati palibe chikuchitika, koma pakatha mphindi ziwiri ntchafu zimayamba kunjenjemera ngati za mwana wa mbuzi wongobadwa kumene. Kunjenjemerako si ngozi, ndi minofu yatopa. Pamakhalanso timiyala ta m'manja ta kilogalamu imodzi kapena kucheperapo, kampira kofewa, ndi gawo logona pamphasa lolimbitsa pamimba ndi msana.

Kodi zimachiza mtima? Ndikuuzeni mosabisa. Barre payokha sinafufuzidwe mokwanira mwa amayi a msinkhu wanu, ndipo sibweza mahomoni m'malo mwake. Wina aliyense amene angakuuzeni kuti kalasi yake "imakonza mahomoni" akukugulitsani malonda. Chimene chili ndi umboni wolimba ndi masewera olimbitsa thupi ambiri. Mu 2024 magazini ya zachipatala ya BMJ inasonkhanitsa kafukufuku 218 wokhudza anthu oposa 14,000, ndipo inapeza kuti kuyenda ndawala kapena kuthamanga, yoga ndi kunyamula zolemera zimachepetsa matenda okhumudwa. Kuvina kunaonetsa zotsatira zabwino kwambiri, ngakhale kafukufuku wake anali wochepa. Barre ili ndi pang'ono pa zonsezi: nyimbo, kulimbitsa minofu, kudziwongola ndi kupuma mwadongosolo. Kafukufuku wina wa ku America wotchedwa MsFLASH, wa mu 2014, anachititsa amayi masewera kwa masabata 12. Kutentha thupi sikunachepe, koma tulo tinayamba kubwera bwinoko ndipo kukhumudwa kunatsikako pang'ono. Zimenezi zikugwirizana ndi zomwe ndimaona: amayi anga salekeratu thukuta, koma amagona, ndipo mayi wogona sakalipira supuni.

Pali chinthu china chimene ndimachiona pa barre, ndipo ichi ndi cha m'maso mwanga, osati cha m'mabuku. Munthu akamayenda pamsewu mutu umapita naye limodzi. Miyendo ikuyenda, iye akuwerengera lendi, akukangana ndi abwana m'maganizo, akukumbukira maliro amene sanapiteko. Pa barre mwayi umenewo palibe. Waima ndi mwendo umodzi, ntchafu ikuyaka, mphunzitsi akuwerenga, ndipo ukangoganiza za lendi wapendekeka. Kwa ola limodzi maganizo amakhala pamalo amodzi. Kwa mayi amene ubongo wake sukuzima usana ndi usiku, ola limenelo ndi mpumulo weniweni. Amayi athu ankaupeza pa chimtali, pa kwaya, pamtondo akusinja awiriawiri ndi nyimbo. Ife tabwera kuno tasiya zonsezo, tangotsala ndi basi, shifiti ndi foni.

Ndiye pali mnzanuyo. Musamuchepetse. Pa zonse zimene mwalemba, iyeyo ndi amene akundipatsa chiyembekezo kwambiri. Ndaona amayi ambiri akugula nsapato zodula n'kulipira jimu chaka chathunthu, February asanathe asiya. Amene amapitiriza ndi amene ali ndi wowagogodera pakhomo Lachiwiri. Bwenzi atakuitanirani kosambira kapena kovina, yankho langa likanakhala lomweli: pitani naye.

Kamodzi pasabata n'poyambira chabe. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera opumitsa wefuwefu pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pasabata, ndi olimbitsa minofu masiku osachepera awiri. Choncho Lachiwiri pitani kukalasi, tsiku lina chitani mphindi 15 kapena 20 kunyumba, ndipo masiku otsalawo yendani ndawala panja kukuwala. Kunyumba simufunika chitsulo. Kauntala ya kukhitchini kapena mpando wolemera woyedzamira khoma zikwanira. Gwirani, kwezani zidendene ndi kutsitsa ka 15. Tangadzani miyendo pang'ono, zala zoloza kunja mosakakamiza, tsikani ngati mukufuna kukhala pampando wautali, khalani pomwepo mukupuma kasanu, kenako muzitsika ndi kukwera pang'onopang'ono. Weramirani kauntala msana uli wowongoka, n'kumakweza mwendo umodzi chammbuyo, kenako winawo. Musamange mpweya. Izi angathe kuchita ngakhale achemwali anu a ku Kasungu atagwira zenera.

Za ntchito ya usiku: musachoke pashifiti ya maola 12 n'kulunjika kukalasi. Thupi losagona silikhazikika pa mwendo umodzi, ndipo mudzadana nawo masewerawo pachabe. Gonani kaye, idyani kanthu, kenako pitani. Ngati Lachiwiri lagwera pakati pa mausiku atatu otsatizana, lidumpheni popanda kudziimba mlandu.

Pali malo angapo pamene anthu amavulalira, ndipo ndi amene amawabweretsa kwa ine. Vuto loyamba ndi bondo. Ovina enieni amatembenuza miyendo kuchokera m'chiuno, koma woyamba kumene amapotoza phazi lokha bondo n'kutsalira mkati. Bondo lizilunjika kumene kwaloza chala chachiwiri cha phazi, ndipo mukamva kubaya kutsogolo kwake musatsike kwambiri. Kuwotcha kwa m'ntchafu n'kwabwino, kubaya kwa m'mfundo ayi. Vuto lachiwiri ndi chizolowezi cha aphunzitsi ena chouza anthu kuti akhwinyire chiuno mkati, matako alowe pansi, kalasi yonse. Ineyo sindigwirizana nacho. Kwa kanthawi palibe vuto, koma kwa ola lathunthu chimatopetsa msana wa m'munsi ndipo chimaumitsa minofu ya pansi pa chiuno imene imagwira chikhodzodzo. Ngati mkodzo umadontha mukatsokomola, kapena mumamva kulemera kumusi, uzani GP, dokotala wa kuchipatala kumene munalembetsa, akutumizeni kwa fiziyo wa amayi. Zimathandizika, ndipo palibe chochititsa manyazi. Vuto lachitatu ndi mapazi. Inu mumaima usiku wonse pantchito, ndiye ngati chidendene chimapweteka mukangoponda pansi m'mawa, chitani zonse mapazi ali pansi, zidendene muzikweza patsogolo. Ndipo phewa likayamba kuuma moti kumanga bra kumbuyo kukuvuta, musalikakamize ndi timiyala. Vutoli limakonda amayi a zaka 40 mpaka 60, makamaka amene ali ndi shuga.

Galasi lija nalonso ndilitchule. Malo ena a barre amadzaza ndi atsikana oonda ovala zothina, ndipo mayi wa chiuno cha kwathu amatha kutuluka wokhumudwa kuposa mmene analowera. Zikatero vuto si inu, ndi malowo. Yesani kalasi ya ku holo ya khonsolo, kumene kumapita anthu a misinkhu yonse ndipo mtengo wake ndi wotsikirako. Musasaine mgwirizano wa chaka musanalawe kangapo.

Chimene barre siingakuchitireni mokwanira ndi mafupa. Mafupa amayamba kuchepa mphamvu mofulumira pafupifupi chaka chimodzi msambo womaliza usanafike, ndipo timiyala ta kilogalamu imodzi sitiwadzutsa. Ku Australia, kafukufuku wa LIFTMOR anatenga amayi 101 osiya kusamba amene mafupa awo anali ofooka. Amene ankanyamula zitsulo zolemera ndithu moyang'aniridwa, mphindi 30 kawiri pasabata kwa miyezi 8, mafupa a msana wawo analimba. Choncho barre ikakuzolowezani thupi, pakatha miyezi ingapo muganizire zophunzira kunyamula zolemera kwa munthu wodziwa. Komanso a NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno, amalangiza anthu akhungu lakuda ngati ife kumwa vitamin D wa mamaikulogalamu 10 tsiku lililonse chaka chonse, chifukwa dzuwa la kuno silitikwanira.

Tsopano gawo limene sindikufuna kuti mulidumphe. Pitani ku barre, koma mwezi womwewu mukaonane ndi GP. Mphika sukhala pa fuwa limodzi. Malangizo a bungwe la NICE, amene madokotala a ku England amatsatira, amati mayi woposa zaka 45 amene msambo wasokonekera ndipo ali ndi zizindikiro safunika kuyezedwa mahomoni kuti adziwike kuti ali m'nyengoyi. Mahomoniwo amasintha tsiku ndi tsiku, ndiye kuyeza kamodzi sikunena zambiri. Koma pemphani kuyezedwa zina zimene zimanamizira perimenopause: kuchepa kwa magazi, chithokomiro, shuga ndi BP. Mwati mwezi wina msambo umabwera kawiri. Amayi akuda timakhala ndi zotupa za m'chiberekero kawirikawiri kuposa azungu, zimataya magazi ambiri, ndipo mayi wochepa magazi amatopa, mtima umagunda, amapsa mtima msanga. Ndinaonapo mayi amene anakhala chaka akudziimba mlandu wa ulesi pamasewera, chonsecho magazi ake anali otsika kwambiri.

GP angakambe nanu za HRT, mankhwala obwezeretsa mahomoni. Malangizo omwewo amavomereza HRT pa kukhumudwa kobwera ndi nyengoyi. Estrogen amaperekedwa ngati kachigamba komata pakhungu, mankhwala opaka kapena mapiritsi, ndipo mayi amene ali ndi chiberekero amafunikanso progesterone kuti chitetezeke, kaya wakumwa kapena kudzera mu lupu ya Mirena, imene imachepetsanso kutaya magazi. Chiopsezo chilipo: HRT ya mahomoni awiri imakwezako pang'ono mpata wa khansa ya m'mawere ikamwedwa zaka zambiri, ndipo mapiritsi amakwezako mpata wa kuundana kwa magazi, pamene ya pakhungu pa mlingo wamba sichita zimenezo. Dokotala amayeza zimenezi ndi mbiri yanu ndi ya kubanja kwanu. Ku England kuli chiphaso cholipiriratu mankhwala a HRT cha pafupifupi mapaundi 20 pachaka, kuyambira 2023. Ngati HRT simukuifuna kapena siikuyenerani, pali uphungu wa CBT, wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, ndipo mungadzilembetse nokha ku NHS Talking Therapies osadikira kalata ya dokotala.

Zitatu zimene amayi athu amaiwala. HRT si kulera, ndipo mimba imathekabe msambo uli wosokonekera chonchi. Kulera kumapitirira mpaka patatha zaka ziwiri chionereni msambo womaliza ngati simunakwane zaka 50, kapena chaka chimodzi ngati mwapitirira. Chachiwiri, musagule mankhwala azitsamba a St John's wort amene amagulitsidwa ngati othandiza mtima musanafunse wa ku famase, chifukwa amafooketsa ma ARV, mapiritsi olera ndi mankhwala ena ambiri. Chachitatu ndi kapu ya vinyo yofunira tulo: imagonetsa msanga koma imadzutsa pakati pa usiku ndi thukuta.

Musadikire nthawi yoonana ndi GP ya masabata atatu ngati mukutaya magazi oti thewera likudzaza ola lililonse, kapena mukuona magazi mukakhala malo amodzi ndi bambo. Chimodzimodzi ngati kukhumudwa sikukusinthasinthanso koma kwakhazikika masabata awiri kapena kuposa, chakudya sichikukoma, zimene munkakonda sizikukusangalatsani, kudzuka kukukanikani. Amenewo ndi matenda okhumudwa, ali ndi mankhwala ake, ndipo amabwerera mosavuta mwa amayi amene anawadwalapo atabereka kapena amene ankavutika kwambiri masiku oyandikira msambo. Maganizo odzipweteka kapena oti kuli bwino kufa akangobwera, imbani 111, nambala ya NHS ya thandizo lamsanga, tsiku lomwelo, kapena 999, nambala ya zadzidzidzi, ngati mukuona kuti simudziletsa. A Samaritans, bungwe lomvetsera anthu ovutika maganizo, amayankha pa 116 123 usana ndi usiku, mwaulere. Mapemphero asalekeke, koma foniyo iimbidwe.

Kuti mudziwe ngati barre ikuthandiza, tengani kalendala ya pakhoma. Tsiku lililonse lembani zinthu zinayi: maola amene mwagona, ngati mwaona magazi, ngati mwachita masewera, ndi nambala yosonyeza mmene mtima wakhalira m'malo, kuyambira 1 mpaka 5. Chitani masabata asanu ndi atatu. Amayi ambiri amadabwa kuona kuti masiku oipa sagwa mwachisawawa: amatsatira usiku wachitatu wa shifiti, kapena amabwera msambo utatsala pang'ono. Mukadziwa zimenezo mungachenjeze a m'nyumba, ndipo GP amene ali ndi mphindi 10 zokha amamva msanga akaona pepala. Bambo a kunyumba aonetseni kalendalayo. Anena zoona kuti mwasintha, chimene sakudziwa n'chifukwa chake. Mwana uja mupepeseni mwachidule, mumuuze kuti thupi la amayi likusintha ngati mmene lake likusinthira, ndipo supuni azitsukabe.

Lachiwiri valani zomasuka ndi masokosi osaterera, tengani botolo la madzi ozizira, fikani mphindi khumi nthawi isanakwane muuze mphunzitsi kuti ndi koyamba ndipo mutchule paliponse pamene pamapweteka. Imani pafupi ndi chitseko kapena fani. Thupi likatentha pakati pa kalasi, tulukani mupume, mubwerere. Lachinayi kutsika masitepe kudzakhala kovuta, ndipo pofika sabata yachitatu ululu umenewo umakhala utachepa kwambiri.